Mawu a Malemu pa Njinga

Lezala linali litangomaliza mbali imodzi ya mutu wa mayi Agatha pamene amuna awo anayamba kulankhula mumsewu.

"Ine ndine Ephraim Kampanje. Ndimakhala ku Kawale, kuseri kwa chigayo. Ntchito yanga ndi yautelala."

A Jenifer, alongo awo a malemu, amene ankameta, anagwetsera lezala m'beseni. Azimayi amene anakhala pamkeka anayang'anana. Mmodzi anakuwa kuti, "Yesu wanga!" n'kuthawira kuseri kwa bafa, patapata imodzi itatsala pamkeka. Azibambo pakhonde anauma, makapu a tiyi ali m'manja. A Ephraim anawaika dzana, onsewa akuona. Dothi la kumanda linali lisanachoke n'komwe kunsapato zawo.

Koma mawu anali omwewo, osasa pang'ono, a munthu amene anazolowera kulankhula ataluma ulusi. Ngakhale kachifuwa kamene ankayamba nako asananene chinthu chovuta kanamveka.

"Ndinavutika ndi matenda a shuga zaka zambiri. Matendawo anandilanda mphamvu. Ndikunena mphamvu za abambo. Ine ndi mayi akunyumba tinkangogona ngati munthu ndi mlongo wake. Koma nditamwa mankhwala a Dokotala Goodwin..."

Pakona pa mpanda panatulukira njinga. Kutsogolo kwake anamangirirako chimkuzamawu chofiira, kumbuyo bokosi la mabotolo a madzi akuda. Woikankha anali bambo wonenepa, wovala chikhoti choyera ngati cha kuchipatala, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Mantha anatha, koma chimene chinabwera m'malo mwake chinali choipa kuposa mantha. Mayi wina anabisa pakamwa ndi chitenje ngati akutsokomola. Bambo wina anayang'ana m'kapu mwake, mapewa akugwedezeka. Anthu a m'tauni ndi otero. M'mawa amalira nawe, madzulo nkhani yako ali nayo pampopi.

Mayi Agatha sanasunthe. Madzi a sopo ankayenderera m'khosi mwawo n'kulowa m'bulauzi. Nkhani imeneyi anaisunga zaka zonsezi. Ankhoswe sanaimve. Amayi anzawo a kutchalitchi sanaimve. Ngakhale mayi awo owabereka anapita kumanda osaidziwa. Lero inali pa njinga.

Gordon, mng'ono wawo wa malemu, amene amawotcherera zitsulo ku Biwi, analumpha ngalande n'kugwira njingayo.

"Zimitsa! Zimitsa, galu iwe!"

Mawu aja anali atafika kumapeto n'kuyambiranso. "Ine ndine Ephraim Kampanje..." Bambo wa chikhoti anapapasa mabatani, n'kudina lolakwika. Chimkuzamawu chinalira ngati galimoto ya odwala. Agalu a m'mipanda anayankha. Kenako kunangoti zii.

"Bwanji, achimwene? Ndalakwa chiyani? Msewu ndi wa tonse uwu."

"Ukuwadziwa amene akulankhulawo?"

"A Kampanje. Kasitomala wanga. Anachira, mwamva nokha."

"Anachira? Pita kumanda ukawauze kuti anachira."

Apa ndi pamene bambo wa chikhotiyo, Goodwin mwini wake, anayang'ana bwino pakhomopo. Anaona phulusa la moto wa maliro, mipando ya kutchalitchi itasanjikizana, ndi mayi wokhala pansi, mutu wometedwa mbali imodzi. Pakamwa pake panatseguka.

"Sindinamve. Mulungu ndi mboni yanga. Masiku onsewa ndinali ku Mtsiliza ndi ku Njewa."

Anthu anali atayamba kutuluka m'nyumba zawo. Azibambo anamukokera Goodwin mumpanda pamodzi ndi njinga yake, n'kutseka geti ya malata. Sanamukokere chifukwa chomumvera chisoni. Ankaopa kuti akamenyedwa pamsewu, nkhani ifika kupolisi. Maso anatsala m'mipata ya mpanda.

Anamukhazika pa njerwa. A Jenifer ndi amene anayamba, manja akadali ndi sopo.

"Kumeta kwaima. Ine sindigwiranso lezala. Timameta kuti munthu apite akagone. Nanga agona bwanji achimwene akuzungulira m'makwalala, kuitana anthu kuti adzagule mabotolo?"

"Mayi, ine sindinabe," anatero Goodwin. "Anabwera okha pabenchi yanga ku Biwi. Anamwa mankhwala, anati akupezako bwino. Ndinawapempha umboni, anavomera. Mawu ndi awo, inde, koma anandipatsa. Munthu akakupatsa malaya n'kumwalira, umavula n'kukabweza?"

"Malaya salankhula," anatero a Jenifer.

Gordon anali akupumabe mwamphamvu, koma maso ake anali atachoka pa Goodwin n'kupita pa bokosi la mabotolo. Bokosilo linali litatsala pang'ono kutha, dzuwa lisanafike pamutu.

"Zimayenda?" anafunsa.

Goodwin anayamba wayang'ana uku ndi uku. "Kunena zoona, pa maumboni onse amene ndili nawo, wa a Kampanje ndi umene anthu amaima n'kumvera. Amalankhula ngati munthu wosadziwa kunama."

"Uli nawo wekha?"

"Mphwanga wa ku Chinsapo ali nawo. Ndi mnzathu wina wa ku Area 25. Timagawana madera."

Gordon anakoka mpando n'kukhala. Mkwiyo uja unachoka pankhope pake ngati madzi a m'beseni lobooka.

"Ndiye kuti ndi katundu," anatero. "Lero tikamaliza kumeta timayenera kukhala pansi kuona za makina osokera, majekete, wailesi. Izinso zilowe pomwepo. Mawu amenewa ndi a kwa Kampanje. Ndi magazi athu. Ngati akugwira ntchito m'madera atatu, azigwirira abale ake, osati mlendo. Nanga alamuwa adya chiyani?"

Pamaliro aliyense wofuna chinthu amayamba watchula wamasiye.

Mayankho, mwana yekhayo wa malemu, anali ataima pakhomo la khitchini, mpango wakuda uli kumutu. Amagwira ntchito mushopu ina m'tauni, yolembetsa manambala a foni.

"Bambo aang'ono, mawu si makina osokera."

"Iwe, akulu akulankhula."

"Kuntchito amatiuza tsiku ndi tsiku. Dzina la munthu, nkhope yake, nambala yake, kumene amakhala, matenda ake, ngakhale mawu ake, zonsezo ndi iyeyo. Sungazinyamule n'kumayenda nazo mumsewu ngati tomato."

"Anavomera, mwana wanga," anatero Goodwin.

"Anavomera chiyani? Kuti muzibwera nazo pakhomo pawo?"

Gordon anaseka mwamphuno. "Malamulo ako akuntchitowo ndi a anthu amoyo. Wakufa ali ndi chinsinsi? Tinawasambitsa ndife. Tinaona zonse. Tatiuza, madamu a mafoni, anakuphunzitsa chiyani za munthu amene ali kumanda?"

Kuntchito kwa Mayankho za akufa sanamuphunzitse.

"Ine ndili moyo."

Onse anatembenuka. Chiyambire maliro, mayi Agatha anali asanalankhule mawu oti munthu wa patali n'kumva. Sanadzuke. Sanafunde mutu.

"Ndili moyo ine, alamu. Amene ankagona ngati mlongoyo ndi ndani? Si ine? Bedi lija tinkagonapo awiri. Iwo anapereka mbali yawo, chabwino. Yanga anapereka ndani?"

"Dzina lanu mulibemo, mayi," anatero Goodwin mofulumira. "Mvetserani bwino, mulibemo."

"Kuseri kwa chigayo kuli atelala angati?"

Goodwin anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Telalayo ali ndi akazi angati?"

Kunja kwa mpanda wina anati, "Eee," motsitsa.

"Mawa ndikapita kumpopi, akaloza a Ephraim? Lamulungu ndikaimirira m'kwaya, akayang'ana a Ephraim? Iwo agona. Amene ndiziyenda ndi nkhaniyi pamsana ndine. Ine ndinasunga. Zaka zonsezi ndinasunga. Abale ankandifunsa kuti bwanji mwana mmodzi yekha, ine n'kumati ndi ine, mimba yanga ndi yovuta. Ndinasenza ine. Iwo n'kukaziika pa njinga chifukwa cha botolo la madzi akuda."

A Jenifer anakhala pansi pomwe anaimapo. Iwonso anali m'gulu la amene ankafunsa.

Kenako Mayankho anayandikira njinga ija.

"Mawuwa ndi odulidwa," anatero. "Ndamva. Pakati pakudumpha. Adadi salankhula mothamanga choncho. Athunthu ali kuti?"

"Zinazo ndi zongocheza, zopanda ntchito."

"Ali kuti?"

Dzanja la Goodwin linapita lokha pathumba la chikhoti. Gordon analiona, natambasula lake. Foni inatuluka.

"M'nyumba," anatero mayi Agatha. "Kawale wamva zokwanira."

Pabalaza panalibe mipando, inali idakali panja chichokere maliro. Panali mikeka, ndi makina osokera pakona atafundidwa chitenje. Mayi Agatha anakhala pamkeka, a Jenifer pambali pawo. Gordon anatsamira chitseko. Goodwin anagwada pafupi ndi khomo ngati wobwera kudzapepesa mlandu wa mbuzi. A Jenifer anafuna kumutulutsa Mayankho, poti izi si nkhani zomva mwana, koma mayi ake anati, "Musiyeni. Wamva kale pamodzi ndi agalu a mumsewu." Mayankho ndiye amene anagwira foni n'kudina.

Poyamba kunamveka Biwi: nyundo pa zitsulo, oitanira minibasi, wailesi ya munthu wina. Kenako mawu a Goodwin, okoma ngati a mlaliki.

"Yambani ndi dzina, bambo. Kenako munene za mphamvu zija."

"Kodi za shuga zokha sizikwana?"

Mayi Agatha anatseka maso.

"Za shuga anthu saima, bambo. Nenani zimene munandiuza zija. Kunjaku kuli amuna ambiri akuvutika mwakachetechete, ena mpaka kudzimangirira. Akamva munthu wamkulu ngati inu, alimba mtima."

Nyundo zinkangolira. Kenako kachifuwa kaja.

"Ngati zingathandize wina."

Apa panatsatira mawu onse amene anamveka mumsewu, koma pang'onopang'ono, akuima, akuyambiranso, ngati munthu wowoloka mtsinje pa mtengo. Palibe anayang'ana mnzake. Atamaliza, Goodwin wa mufoni anaomba m'manja.

"Mwakhoza! Tsopano tchulani dzina la mayi, kuti anthu akhulupirire."

"Ayi."

"Loyamba lokha."

"Ayi, a Dokotala. Langa ndakupatsani poti ndi langa. Lawolo si langa."

"Bambo, ndi akazi anu."

"N'chifukwa chake. Ndipo ndalakwitsa. Ndatchula Kawale, ndatchula chigayo, ndatchula za mayi akunyumba. Pakamwa panathamanga. Mudule zonsezo, musiye za ine ndekha. Ndipo kwathu musadzafikeko nazo. Mayi aja sanandichititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi. Sindingawalipire chonchi."

"Musadandaule, bambo. Ndidula. Ku Kawale sindipitako n'komwe."

Mayankho anaimitsa.

A Jenifer ankalira mopanda phokoso, chitenje chili kumaso. Mayi Agatha anatsegula maso n'kuyang'ana Goodwin. Sanamufunse kanthu. Anangomuyang'ana mpaka iye anayamba kulankhula yekha.

"Ndinayesa kudula, mayi. Koma popanda malo anthu amati ndi munthu wongomulemba ganyu. Popanda za mayi akunyumba amati nanga mphamvuzo anazidziwa bwanji kuti zatha. Ndinangochotsa zocheza. Ku Kawale kuno ndinali ndisanafikeko, ndikulumbira. Lero lokha. Kwinaku msika wavuta."

"Lero lokha," anatero mayi Agatha.

"Lero lokha, mayi."

"Ukanafika mwezi watha, akanamva okha atakhala pamakina apo."

Goodwin anaweramitsa mutu.

Mayi Agatha anatembenukira kuchitseko. "Alamu, munati mawu ndi a kwa Kampanje. Mwini wake mwamumva. Pali china choti tigawane?"

Gordon anayang'ana makina osokera, anayang'ana denga. Anatsegula chitseko n'kutuluka. Anthu a panja anamva akudula zingwe za pa njinga. Anabwerera ndi chimkuzamawu chija m'manja, n'kuchiponya pamkeka patsogolo pa Goodwin.

"Tulutsa."

Goodwin anatsegula kumbuyo kwake ndi chikhadabo, natulutsa kakhadi kakuda, kochepa kuposa njere ya dzungu. Onse anakayang'ana. Zaka zonse za chinsinsi cha banja zinakwana pamenepo. A Jenifer anadzuka, anavundukula makina, natenga sizasi yaikulu ya achimwene awo m'kabati. Anakadula pakati, n'kudulanso zidutswazo.

"Muli maumboni a anthu ena mmenemo," anadandaula Goodwin.

"Nawonso apume," anatero a Jenifer.

"Njinga yako itsala pano," anatero Gordon. "Ine ndi iwe tikwera minibasi. Chinsapo, kenako 25. Ndikaona ndi maso anga makhadi enawo akudulidwa, udzatenga njinga yako. Ukandizemba padepoti, benchi yako ndikuidziwa. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse."

Ankalankhula mokweza, ngati sanali iye amene ankafuna kugawa mawuwo pamodzi ndi majekete.

Mayankho sanachotse maso pa foni. "Anzanuwo munawatumizira bwanji?"

"Pafoni pomwepo."

"Ndiye alinso m'mafoni mwawo. Iwo anatumizira ndani?"

"Sindingadziwe, mwana wanga. Makasitomala ena amapempha kuti akamvetsere kunyumba, kapena akamveretse anzawo."

"Ndipo mumawapatsa."

Panja mwana wina anadutsa akuimba mawu aja a mphamvu za abambo, mayi ake n'kumukalipira akuseka. Aliyense m'chipindamo anamvetsa. Akhoza kudula makhadi atatu, akhoza kudula khumi. Tsiku lina, m'minibasi kapena pamzere wa kuchipatala, foni ya munthu wosamudziwa idzatsokomola kachifuwa kaja.

"Zimene mungazipeze, muzichotse," anatero mayi Agatha. "Zotsalazo ndiziyenda nazo. Ndinazolowera kusenza."

Anapukuta khosi ndi nsonga ya chitenje. Sopo anali atauma.

"Amayi," anatero Mayankho, "za mufonimu ndifufute?"

"Zatha?"

"Kwatsala pang'ono. Anaiwala kuzimitsa."

"Tsegula."

Biwi inabwereranso. Kunamveka mabotolo akugundana, benchi ikulira munthu akudzuka. Kenako a Ephraim.

"Taimani, a Dokotala. Chikhoti chanuchi chasoloka paphewa."

"Chisiyeni, bambo, ndi chakale."

"Dokotala wong'ambika angamukhulupirire ndani? Tembenukani. Singano ndimayenda nayo m'chipewa."

"Ndikulipirani zingati?"

"Khalani phee, ndingakubayeni."

Mawu anathera pomwepo, koma foni sinasiye. Kunkamveka nyundo patali, ndi kupuma kwa a Ephraim pafupi, kolemera, kwa munthu wodwala amene waweramira ntchito. Mayi Agatha anakweza maso. Paphewa la kumanzere la chikhoti cha Goodwin panali mzere wa ulusi woyera, timisoko ting'onoting'ono tolingana ngati mano a chipeso, tobwerezedwa kawiri kumapeto kuti tisasoloke. Goodwin anatsatira maso awo. Dzanja lake linakwera kuti libise, koma linaima panjira.

Chala cha Mayankho chinali chili pamwamba pa batani.

"Amayi?"

"Dikira," anatero mayi Agatha. "Aleke amalize kaye kusoka."